Makina Akagwa Sapondedwa Msanga

A Bobini anafika pagetipo mdima utagwa kale. Geti lachitsulo, utoto wosupuka, nambala yolemba ndi choko. Anali asanafikeko. Mwana wawo wamkazi anasamukira kuno miyezi inayi yapitayo, ndipo tauni imeneyi iwo ankangoidutsa pa basi, nthawi zambiri ali m'tulo.

Anatula bokosi pansi. Anagogoda ndi dzanja lamanzere.

Dzina la Bobinili anawapatsa ndi matelala. Zaka makumi atatu akuyenda m'matauni kukonza makina osokera. Lero pakhonde la sitolo, mawa kuseri kwa msika, mkuja kwina. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Bokosilo linali lamatabwa, chogwirira chake lamba wakale wa thalauza, ndipo phewa lawo lakumanja linachita kupendekera komweko chifukwa cha kulemera kwake. Koma lero analinyamulira kumanzere, kuchokera kudepoti mpaka pano, akupumira pa mzati uliwonse wa magetsi.

"Ababa!" Mwana wawo anatsegula geti, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. "Munati mufika folo koloko. Ndakuimbirani mpaka khutu latentha."

"Foni yanga yafa."

"Yafa bwanji?"

"Monga zimafera zinthu, mayi. Tandilandira katunduyu."

Anawerama kunyamula bokosi. Maso ake anaima pa bondo la thalauza lawo. Long'ambika. Fumbi mbali imodzi, kuyambira paphewa mpaka kunsapato. Analowa nalo m'nyumba.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri. Sofa imodzi, katebulo, wailesi yakanema ikuyankhula yokha. Makatoni awiri osamasulabe. Pakona, atafunditsidwa nsalu yamaluwa, panali makina osokera amene a Bobini anampatsa mwanayo atakwatiwa. Mkamwini wawo, woyendetsa takisi, anali atavula nsapato, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anadzuka mofulumira, madzi n'kukhavukira pansi.

"Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda. Khalani, khalani. Mapazi amenewo agwira ntchito."

Mkamwini anatambasula dzanja kuti apereke moni. A Bobini anangoweramitsa mutu n'kukhala pa sofa, dzanja lamanja atalibisa m'jekete ngati munthu wosunga chikwama pa basi yodzaza.

Chakudya chinabwera. Mwana wawo anafika ndi jagi ya madzi ndi beseni. A Bobini anatambasula dzanja limodzi.

"Linalo?"

"Ili likwanira. Supuni ilipo."

"Ababa. Linalo."

Analitulutsa pang'onopang'ono. Linali litatupa kuyambira pa chala chachikulu mpaka kupitirira pokhala wotchi. Khungu lonyezimira, lokungika. Wotchiyo anali ataivulira m'njira, itayamba kuluma.

Mwana wawo anaika jagi pansi. Mkamwini anazimitsa wailesi yakanema.

"Galimoto," a Bobini anatero. "Koma osati kugunda kwenikweni. Yangondikhudza."

Zinachitika potuluka m'depoti, dzuwa litapendeka. Ankaoloka pa mizere yoyera, monga munthu wodziwa tauni. Galimoto inatulukira kuseri kwa basi yoima. Inawamenya m'chiuno, inawatembenuza, anagwera dzanja. Bokosi linatseguka. Mabobini okulungira ulusi, masingano, timabawuti, kabotolo ka mafuta, zonse mbwee pa phula.

"Ndiye munatani?" mkamwini anafunsa.

"Ndinadzuka."

"Nthawi yomweyo?"

"Nanga ndikanagona zipangizo zikupondedwa? Shatulo imodzi m'menemo, yonyamula ulusi wapansi, simungaipezenso m'sitolo iliyonse."

Anakwawa pamsewu, kutola. Anthu anawathandiza. Dalaivala anatsika, mwamuna wa tayi. Nayenso anatola timabawuti tiwiri. A Bobini anapukuta chilichonse, anachiyang'ana kuwala, anachibwezera m'malo mwake. Palibe chinathyoka kupatula foni. Ndiye pamene dalaivala anafunsa kuti, "Madala, muli bwanji? Tipite kuchipatala?" iwo anayang'ana m'bokosi n'kuyankha kuti, "Zonse zili bwino. Pitani. Pepani takuchedwetsani."

"Munamupepesa," mwana wawo anatero.

"Munthu anali pa ulendo wake."

"Wakugundani pa mizere yoyera, inu n'kumupepesa."

Mkamwini anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Nambala ya galimoto munaiona, bambo?"

"Ayi."

"Galimoto yanji?"

"Yoyera."

"Theka la tauni ino n'loyera. Dzina lake? Foni yake?"

A Bobini anaganiza kaye. "Lamba wa injini yake ndi wokhwepa. Amalira ikamanyamuka. Ndinamuuza akamangitse."

"Munamuuza."

"Nanga? Chinthu chikulira ine ndili pomwepo."

Mkamwini anaseka. Kuseka kwa munthu amene wakhala pa chiwongolero kuyambira mbandakucha, kosatuluka mawu. Kenako analeka.

"Bambo, ndiyankhule monga dalaivala, mundikhululukire. Ife tikagunda munthu timapemphera mapemphero awiri. Loyamba, asafe. Lachiwiri, adzuke anene zimene mwanenazo. Wa tayi uja panopa akudya bwino. Mwina akuwonjezera."

"Ndiye ndikanatani? Kudzigubuduza? Kukuwa ngati ndaberedwa?"

"Kukhala pansi basi. Osadzuka msanga. Ngati miyendo ikulola, mumasendera m'mbali mwa msewu, n'kukhala. Thupi limanama nthawi imene ija, magazi akadali otentha. Ine ndinaonapo munthu akuthamangitsa chipewa chake mwendo uli wothyoka. Ndiye osanena kuti ndili bwino, chifukwa simukudziwa. Osanena pepani. Mawu amenewo mumakawapeza kupolisi atakutsogolerani, atavala jekete. Wina akulembereni nambala. Wina ajambule ndi foni galimoto isanasunthe. Dalaivala aonetse laisensi, apereke foni yake. Apolisi abwere, adzayeze okha. Mukatero chipatala, tsiku lomwelo, kaya pakupweteka kaya ayi."

"Mwachita kuloweza, akamwini."

"Ndaimapo mbali inayo, bambo." Anayang'ana mapazi ake m'madzi ozizira kale. "Mayi wina, zaka zitatu zapitazo. Anadzuka ngati inu, kusasa fumbi, kundiuza ndizipita. Ndinachita kumukakamiza kukwera. Kuchipatala anamupeza magazi akutayikira m'mimba. Akanapita kunyumba tsiku lija, bwenzi atagona osadzuka. Ine bwenzi mukundiyendera kundende."

Kuseri kwa khoma, kwa aneba, wina ankakolopa, ndowa ikukwekwereka.

"Panalibe amene anaona?" mwana wawo anafunsa.

"Mayi wina wogulitsa nthochi pageti la depoti. Ananditsatira akukuwa kuti waiona nambala, wailemba pa katoni."

"Ndiye?"

"Ndinamuuza aisunge. Manja anga anali ndi katundu."

Mwana wawo anavundikira mbale za chakudya. Anachotsa kansalu paphewa, anakapinda, anakaika patebulo. "Tiyeni kuchipatala."

"Ayi."

"Ababa."

"Mawa seveni koloko ndiyenera kukhala pa sukulu yophunzitsa kusoka. N'chimene ndabwerera. Makina khumi ndi anayi. Masiku atatu. Ntchito yotere chaka chino sinaoneke. Ndikapanda kufika aitana anyamata aja amene amangosintha chitsulo chonse osadziwa chimene chadwala. Ndipo ine sadzandiitananso. Kuchipatala akandimanga chikhakha, dzanja lasanduka mtengo. Wiritsa madzi, uthiremo mchere, undithowe. Pofika mawa latsika."

"Likapanda kutsika?"

"Ndati undithowe. Dzanja ili ndalidziwa iwe usanabadwe."

Anatsamira sofa, anatsinzina. Anali otopa, ndipo sikunali kutopa kwa lero lokha. Mabasi. Mabedi a m'nyumba zogona alendo, a masipuling'i otuluka. Tiyi wozizira wa m'madepoti. Chimwalirireni akazi awo, kachipinda kawo kanali pongosinthira malaya. Sankadandaula. Munthu woyenda safunsidwa mafunso ambiri. Chimene sankafuna n'kukhala pa sofa iyi masabata ndi masabata, dzanja lili pachifuwa, akudya thukuta la mkamwini, akuonera wailesi yakanema ndi mawu otsitsa. Chotsani dzanjali, a Bobini atsala ndani? Mkulu wina wa phewa lopendeka.

Anamva mwana wawo akuyenda. Sanapite kukhitchini. Anapita pakona, anavundukula nsalu yamaluwa ija.

"Chabwino. Madzi ndiwiritsa. Koma muyambe mwandionera awa. Munalonjeza."

Anali atalonjezadi. Tsiku losamuka makinawo anagwa potsitsa pa lole. Mwanayo anawaimbira akulira, ndipo iwo, ali m'tauni ina, anamuuza kuti asawakhudze mpaka iwo atafika.

Munthu akanatha kumukanira. Makina ayi. Anadzuka, chiuno chikuwakumbutsa za galimoto, anakhala pa kampando. Anatsegula bokosi. Anazunguza gudumu ndi dzanja lamanzere, khutu lili pafupi. Panali kakugogoda, kutali m'kati. Anagwedeza mutu. Anatenga sikuludiraiva yaing'ono, ndipo dzanja limene linaitenga linali lamanja, mwa chizolowezi. Anailozetsa pa kabawuti kogwira singano. Kabawuti kangati njere ya mpunga. Anapotokola.

Ululu unakwera mkono mpaka m'mano. Sikuludiraiva inagwa, inagubuduka, inakalowa pansi pa sofa.

Anayesanso ndi zala zokha. Chala chachikulu chinakana kukumana ndi chinzake. Chinangoima, chonenepa, ngati cha munthu wina.

Palibe anawerama kukatola sikuludiraiva.

"Miyezi inayi sindinasoke," mwana wawo anatero, mawu ali pansi. "Nsalu za anthu ndabweza. Aneba akuti makinawa ndimangokongoletsera nyumba. Chifukwa inu munati makina akagwa sapondedwa msanga. Munati amasoka bwinobwino masiku awiri, lachitatu chitsulo cham'kati chimaduka, ndiye basi, palibenso chokonza. Munati atsegulidwe kaye, aonedwe m'kati, ngakhale kunja akuwala. Ine ndinamvera. Chitsulo, ababa. Chimene sipeya yake ili m'bokosi lanulo." Analoza dzanja lija. "Ili sipeya yake mukaigula kuti?"

A Bobini analiyang'ana nthawi yaitali. Ankafuna kukalipa. Koma mwanayo anali atangowabwezera mawu awo omwe. Anawanena kwa matelala mazanamazana, chala chili m'mwamba.

"Tola sikuludiraivayo, ingasowe," anatero. Kenako, osatembenuka: "Akamwini, galimoto ili ndi mafuta?"

Mkamwini anali akuvala kale nsapato, mapazi osapukuta.

Kuchipatala kunali benchi, fungo la mankhwala okolopera pansi, ndi kudikira. Dokotala anali mayi wa maso ofiira, amene nayenso tsiku linali litamuthera.

"Mukumva bwanji, bambo?"

"Ndili bwi..."

Mwana wawo anatsokomola.

A Bobini anayambiranso. Dzanja. Chiuno. Nthiti za kumanja akamapuma kwambiri. Mutu sunagunde pansi, kapena unagunda pang'ono, sakukumbuka bwino, anali kalikiliki ndi timabawuti. Dokotala anawaunika m'maso ndi katochi, anawadina m'mimba mbali zonse, anawafunsa tsiku ndi mwezi. Anawatumiza kukajambulitsa dzanja ndi chifuwa. Chithunzi chitabwera anachikweza kubabu.

"Apo," a Bobini anatero, dokotala asanaloze.

"Mwaonera pati?"

"Ndi ntchito yanga. Mng'alu ngati tsitsi. Ndi umene umapha makina."

"Umaphanso manja. Kafupa aka n'kakang'ono koma n'kamwano. Mukanakagwiritsa ntchito sabata imodzi, kakanapola mokhota, kapena osapola n'komwe. Sikuludiraiva mukanatsanzikana nayo." Analemba pa pepala. "Chikhakha, masabata asanu ndi atatu. Tikachotsa tidzaona. Nthiti sizinathyoke. Koma mukayamba kusanza, chizungulire, kapena mimba kuuma, mubwere nthawi yomweyo, osadikira kuche. Kalata ya kupolisi ili kuti?"

"Mawa m'mawa," mkamwini anayankha.

"Mubwere nayo ndidzalembepo zimene ndaona. Ndipo thalauza limenelo musachape, musasoke. Apolisi alione momwemo."

"M'nyumba ya osoka," a Bobini anatero. "Thalauza long'ambika."

Dokotala sanaseke. Anali ataitana kale wotsatira.

Anagona pa sofa, dzanja lili pa pilo. Tulo tinabwera mwa apo ndi apo.

Anadzutsidwa kusanayere bwino. Mwana wawo anali atavala kale, nsapato zafulati, epuloni yakale itapindidwa m'khwapa. Tiyi anali patebulo. Thalauza long'ambika lija linali m'pepala lapulasitiki, ndipo pa sofa panali la mkamwini, lalitali miyendo.

"Fulumirani, ababa. Ogulitsa pa depoti amayala sikisi koloko. Tikachedwa, katoni ija akolezera moto."

"Tikachoka pamenepo?"

"Kupolisi. Kenako kuchipatala, akalembe. Kenako kusukulu kwanuko."

"Kukatani? Kukawaonetsa chikhakha?"

"Ndawaimbira akulu a pasukulupo. Nambala ndinaipeza m'kabuku kanu. Ndawauza mufika masana, ndipo mubwera ndi manja ena."

"Manja ati?"

Anawaonetsa ake.

A Bobini anafwenthera. "Iwe umamanga bawuti ngati wakulakwira."

"Muzindiuza polekera. Inu makutu, ine manja."

"Shatulo unaiwala kale."

"Ndinayamba kukutolerani timabawuti ndisanayambe sukulu. Simunandilipirepo."

"Avomera?"

"Ati adzaona tikafika."

Adzaona. Dokotala naye anati adzaona. Mwina mayi wa nthochi lero sabwera. Mwina katoni ija yapita kale ndi zinyalala. A Bobini anamwa tiyi ndi dzanja lamanzere, wina n'kutayikira pa thalauza la eni ake. Anayang'ana makina a pakona. Kakugogoda kaja kanali kakadali m'khutu mwawo.

"Awa tidzawatsegula tikamaliza khumi ndi anayi aja," anatero. "Usawaponde."

"Ndamva, ababa."

Panja panali chisanu, magetsi a mumsewu akuyakabe. Pakhomo anawerama mwa chizolowezi kuti anyamule bokosi, koma mwana wawo anali atalinyamula kale. Anayenda mpaka pa galimoto opanda kanthu. Phewa lakumanja linapendekabe, likufuna katundu wake.

Mkamwini anawatsegulira chitseko chakutsogolo, anawamangira lamba, chikhakha chili pachifuwa. Mwana wawo anakhala kumbuyo, bokosi lili pamiyendo. Injini inalira kawiri, kachitatu inadzuka.

A Bobini anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Akamwini."

"Ndikudziwa, bambo. Ndikamangitsa."

"Ine sindinanene kanthu."

Galimoto inatuluka pageti, inakhotera kudepoti.